Za Makina Olemba Lamya, ndi Nambala Imodzi Yolakwa

Inu owerenga, m'bokosi langa la zovala muli kanthu kamene adzukulu anga akakaona aseka. Ndi kachitsulo ka mano awiri, kotalika ngati dzanja la munthu wamkulu, ndipo kunsonga kwa manowo kuli tizitsulo tiwiri topyapyala tokhala ndi mpata wosuzumirapo. Ife pa ntchito tinali kukatcha foloko, ngakhale palibe munthu anadyerapo chakudya ndi kale lomwe. Ana aja afunsa, "Agogo, kodi foloko yosadyera muisungiranji?" Ndipo ine ndingoti, "Bwezerani pamalo pake." Koma tsopano ndakalamba, maso ayamba kuchita chidima, ndipo ndaganiza kuti nkwabwino ndisimbe mbiri yake ndisanaiwale, pakuti kachitsulo aka kanandigwira bodza pamaso pa anthu ndiri mnyamata, ndipo ndikayamika kufikira lero.

Poyamba ndinene za lamya, chifukwa ana a masiku ano saidziwa. Kale mau ofulumira anali kutsata waya womangidwa pa mizati. Kampani ya Cecil Rhodes, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1892, ndiyo inakoka waya wautali m'dziko muno. Unachokera kum'mwera, nupita pa Blantyre ndi pa Zomba, nutsata nyanja yathu ino kudzera ku Nkhotakota kufikira ku Karonga, nupitirira mpaka ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika. Mizati yake inali yachitsulo chifukwa cha chiswe, ndipo makolo athu amtengatenga ndiwo anaisenza. Masiku amenewo kalaliki anali kugogoda kachitsulo ndi chala monga mwa zizindikiro za Morse, ndipo mnzake wakutali anali kumvera ndi khutu nalemba ndi dzanja. Njanji inafika pa Salima m'chaka cha 1935, ndipo pano ndipo panali mathero ake kufikira 1979, pamene anatsegula njira ya ku Lilongwe. Chotero anthu ambiri obwerera kwao anali kutsikira pano, ndipo lamya zambiri zinali za mau omwewa: ndifika tsiku lakuti, dzandichingamireni.

Pambuyo pa kugogoda kuja kunabwera makina amene Azungu awatcha teleprinter. Maonekedwe ake anali ngati makina otaipira a mu ofesi, koma aakulu ndi olemera, ndi aphokoso ngati matalala pa denga la malata. Munthu akadinda chilembo ku Blantyre, chilembo chomwecho chinali kudindika chokha pa pepala kuno, popanda dzanja lochikhudza. Ambiri a makina otere anatuluka m'fakitale ya Frederick Creed, munthu wobadwira ku Canada, amene anamanga ntchito yake ku Croydon pafupi ndi London; ndipo mtundu wake wotchuka, wotchedwa Model 7, unayamba m'chaka cha 1931. Ine ndinalowa ntchito yosamala makina awa m'zaka za m'ma 1970, mu ofesi ina ya mauthenga ya kunyanja kuno, imene sindiitchula dzina, popeza kulakwa kumene nditi ndisimbe kunali kwanga, si kwa ofesi iai.

Tsono mumve m'mene makinawo anali kulankhulira, pakuti mukapanda kumva ichi simudzamvanso mlandu wanga. Waya sudziwa zilembo. Udziwa mau awiri okha, amene tingawatche inde ndi iai, monga mwa kayendedwe ka magetsi. Chilembo chiri chonse chinali ndi mayankho asanu a inde ndi iai, osanjidwa mwa njira yakeyake. A anali inde, inde, iai, iai, iai. E anali inde mmodzi wotsatidwa ndi iai anai. M'kusanja kotere mutuluka mitundu 32 yokha, ndipo popeza zilembo ziri 26, manambala anasowa malo. Chotero anawabwereka malo a zilembo, napanga batani louza makina kuti, zirinkudzazi uziwerenge ngati manambala. Nzeru iyi ya mayankho asanu inayamba ndi Mfalansa wina, Émile Baudot, m'zaka za m'ma 1870, ndipo Donald Murray wa ku New Zealand anaikonzanso pambuyo pake.

Mayankho awa sanali kufika pamodzi, koma motsatana pa waya umodzi, 50 pa sekondi imodzi. Patsogolo pa chilembo chiri chonse panali chizindikiro choti Yamba, ndicho iai. Pambuyo pake chizindikiro choti Ima, ndicho inde wotalikirapo. Ndipo mwa njira iyi zilembo 400 zinali kupita pa mphindi imodzi. Makina olandira analibe maso kapena makutu. Anali ndi maginito okoka kadzanja kachitsulo uku ndi uku, ndi chitsulo chozungulira chimene chinanyamuka pomva Yamba, nichifunsa kadzanjako kasanu, "Inde kodi, kapena iai?" Chinayenera kufunsa pakati penipeni pa yankho liri lonse. Yerekezani munthu womangidwa nsalu kumaso alikudumpha mizere isanu ya m'munda. Phazi lake likatalika pang'ono chabe, pa mzere woyamba aponda bwino, pa wachiwiri asendera kumphepete, ndipo pofika pa wachisanu waupitirira, naponda pena. Momwemonso makina akachedwa pang'ono, yankho lachisanu ndilo liyamba kuonongeka, chifukwa afika polifunsa litapita kale, namva inde wa Ima uja m'malo mwake.

Chifukwa cha ichi liwiro la mota linali moyo wa makina. Pa Model 7 mota inazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo kumapeto kwake kunali kachipangizo kosunga liwiro kamene Azungu anakatcha gavana, dzina lomwe lija la Bwanamkubwa wa ku Zomba. M'kati mwake munali timano tiwiri togwidwa pamodzi ndi sipuling'i. Mota ikathamanga kopitirira, timanoto tinalekana ndipo mphamvu inachepa; ikafooka, tinakumananso. Kunja kwake kunali mizere yoyera ndi yakuda. Apa ndipo panali ntchito ya foloko. Unali kuimenya pa bondo kuti injenjemere, ndipo inanjenjemera ka 125 pa sekondi, osaonjeza, osachepetsa. Nusuzumira pa mpata uja kuyang'ana mizere ya gavana. Liwiro likakhala loona, mizere inaoneka ngati yaima chiriri, mota irinkuzungulira. Likapitirira, inakwawa kutsogolo. Likachepa, inakwawa chambuyo. Khutu la mmisiri likhoza kunyengedwa, koma foloko inalibe chibale ndi munthu.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali mkulu wina wa imvi, wosalankhulalankhula, amene anayamba pa lamya yogogoda ali mnyamata. Iye anali kukhala ku Limbe, nayendera makina a m'maofesi akutali pa sitima ya pamtunda. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira sikuludilaiva. Ntchito yanga inali kutsuka zitsulo m'palafini ndi kuziyala pa nsalu yoyera monga mwa dongosolo la kuchotsedwa kwake. Anandiphunzitsa kuyesa mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri ndi timipeni topyapyala toposa tsamba la fodya, ndi kuyesa mphamvu ya sipuling'i ndi kasikelo ka magalamu. Pothira mafuta anali kuviika nsonga ya kawaya, nadonthezera dontho limodzi. Ndikathira awiri anali kunena, "Mnyamata iwe, kodi ulikukazinga usipa?" Ndipo pondisiya ndekha pano anandipatsa buku, nati, "Lolemba liri lonse umenye foloko, uyese makina, ulembe zimene waona, nusaine. Ulembe zimene waona, osati zimene uyembekeza."

Dziko la kunyanja kuno ndi lankhanza pa makina. M'mwezi wa Okutobala fumbi lilowa ponseponse, ndipo likasakanizika ndi mafuta lisanduka ngati mwala wonolera, nilidya zitsulo mwakachetechete. Mvula ikagwa chinyezi chibala dzimbiri, ndipo pepala lifewa nilikanirira. Nkhungu zikauluka kuchokera pa nyanja zinali kudzaza pansi pa nyale ndi kugwera m'kati. Mavu anali kuumba nyumba zao zadothi pansi pa chivindikiro, mphemvu zinali kudya guluu, ndipo tsiku lina ndinapeza nalimata atapsa pa mawaya a magetsi. Kunjanso waya unali ndi adani ake: nthambi zonyowa zoukhudza, mphezi, ndi akangaude omanga ukonde umene mame akaugwira uba mphamvu. Zonsezi zinali kupotoza mayankho aja, ena natalika, ena nafupika, asanafike pa makina athu.

Chotero panali kuyesa kwachiwiri, kumene mkulu uja anakukonda koposa. Pa makina panali kamuvi koloza pa manambala, kosunthira nthawi ya kufunsa kuja kutsogolo kapena m'mbuyo. Tinali kupempha ofesi yakutali itumize RYRYRY kosalekeza, chifukwa R ndiye iai, inde, iai, inde, iai, ndipo Y ndiye inde, iai, inde, iai, inde. Palibe zilembo zina zovutitsa makina ngati ziwirizi. Pamenepo unali kusuntha kamuvi mbali imodzi kufikira zilembo zitayamba kulakwa, nulemba nambala. Nusunthanso mbali inayo kufikira zitalakwanso, nulemba. Ndipo potsiriza unakaika pakati pa manambala awiriwo. Ine ndinafunsa tsiku lina, "Bambo, ngati makina alemba bwino pena pali ponse pakati apa, tivutikiranji kufuna pakati penipeni?" Iye anati, "Unaona bwato lodzaza utaka kufikira m'milomo? M'mawa kuli bata liyenda bwino, ndipo mwini wake ati liri bwino. Koma mwera ukadzuka, funde laling'ono lilimiza. Usafunse ngati makina alemba bwino lero. Funsa kuti atsala ndi mpata wotani tsiku la mphepo."

Mau a akuluakulu akoma akagonera. Chaka changa chachiwiri ndinayamba kudziyesa mmisiri. Makina anali kuyenda, palibe anadandaula, ndipo mtima wanga unali ku Senga Bay, kumene kunali namwali amene pambuyo pake anakhala mai wa ana anga. Loweruka ndinali kupalasa njinga mamailosi oposa 10 kunka kumeneko, ndi kubwerera Lolemba mbandakucha, miyendo iri lendelende. Lolemba lina ndinati mumtima, liwiro linali bwino sabata yatha, lasintha bwanji? Ndinamvera mota ndi khutu, ndi kulemba m'buku, "Liwiro labwino," ndi kusaina. Palibe chinachitika. Sabata yotsatira dzanja linalemba lokha. Ndinachita chotero masabata asanu, foloko iri gone m'kabati.

Mvula itakhazikika, kalaliki wathu wolandira lamya, munthu wofatsa wa ana anai, anandiitana nati, "Achimwene, taonani makina anu ayamba chibwibwi." Pa pepala panali BWZRANI m'malo mwa BWERANI, ndi MDALAMA m'malo mwa NDALAMA. Mmisiri wamaso akadazindikira pomwepo, pakuti E asanduka Z, ndi N asanduka M, pamene yankho lachisanu lokha latembenuka kuchoka pa iai kunka pa inde. Ndiko kunena kuti mota yachedwa. Koma kukonza gavana kunafuna kuimitsa makina theka la tsiku, ndi kufotokoza kwa mkulu wa ofesi chifukwa chake, buku langa lirikunena kuti zonse ziri bwino. Tsono ndinagwira kamuvi kaja, ndi kukasuntha pang'onopang'ono kufikira zilembo zitayera. Kalaliki anati, "Ha, ndinu mmisiri ndithu!" Ndipo ine ndinakondwa, ngakhale ndinadziwa kuti sindinachize nthenda, koma ndangoifunditsa nsalu, ndi kuti kamuvi katsala kumphepete.

Tsono chilembo chikalakwa, mau adziulula okha, ndipo kalaliki akonza ndi nzeru zake. Koma nambala ikalakwa ikhala chete, nioneka yaulemu ngati inzake. Pa makina aja 7 anali inde, inde, inde, iai, iai. Ndipo 1 anali inde, inde, inde, iai, inde. Kusiyana kwao kunali yankho lachisanu lokha. Tsiku lina la mvula yamphepo kunafika lamya yochokera ku Blantyre, yonka kwa mai wina wamasiye wa mudzi wa cha ku Domira Bay. Wotumiza analemba kuti mwana wao watuluka m'chipatala, adzafika pa Salima ndi sitima pa 17, ndipo abwere ndi ngolo chifukwa sakhoza kuyenda. Makina anga analemba mau onse bwinobwino, koma pa 17 analemba 11. Mesenjala anatenga lamya pa njinga, mphunzitsi wa m'mudzimo anawawerengera amaiwo, ndipo ine sindinadziwe kanthu.

Zotsatira ndinazimva pambuyo pake. Amai aja anagulitsa mpunga umene anasungira njala ya Febuluwale, nalipira mwini ngolo. Inu a kuno mudziwa makande athu m'nyengo ya mvula, m'mene agwirira mapazi a ng'ombe ndi mikombero ya ngolo. Anayenda tsiku lathunthu, nafika pa siteshoni pa 11, atayala mphasa ndi bulangete m'ngolomo. Sitima inafika, anthu anatsika, ndipo iwo anayang'ana nkhope iri yonse kufikira wotsiriza. Mwana wao panalibe. Anagona pomwepo, nadikiranso. Koma mwini ngolo anati ng'ombe zake zifunika kumunda, ndipo ndalama siibwerera, popeza ulendo wayenda. Anabwerera kumudzi alikulira, poyesa kuti mwana wafera m'njira, ndipo anansi anayamba kudza kudzakhala nao monga achitira pa maliro.

Pa 17 mnyamata uja anafika. Anthu achifundo anamtsitsa, namkhazika pa khonde, ndipo iye anayang'ana kumseu kufikira dzuwa litalowa. Anagona pamenepo usiku uwiri, alikutsokomola, mphepo ya mvula irikumuomba. Mai wina wogulitsa zitumbuwa anali kumpatsa phala. Tsiku lachitatu wogula nsomba wina wa kwao anamzindikira, napalasa njinga kukanena kumudzi. Ndipo popeza ndalama ya ngolo panalibenso, abale ake anadza ndi machira, namnyamula pamapewa ulendo wonsewo.

Patapita masiku, amai aja anafika pa ofesi ndi mlongo wao, atsibweni a wodwalayo, pepala la lamya atalimanga pa nsonga ya chitenje. Sanakalipe. Anakhala pansi pakhomo, ndipo atsibweniwo anati, "Tabwera kudzafunsa amene ananama, kaya ndi wa ku Blantyre, kaya ndi wa pano, kuti mitima yathu ikhale pansi." Mkulu wa ofesi anatulutsa pepala lotsala la makina. Tsono linali lamulo la ntchito ya lamya kuti wotumiza abwereze manambala onse kumunsi kwa uthenga, ndi kuti wolandira awalinganize ndi a pamwamba. Pa pepala lija pamwamba panali 11, koma kumunsi panali 17. Kalaliki, pochuluka ntchito tsiku lija, sanalinganize. Mlandu wonse unagwa pa iye, ndipo mkulu wa ofesi analemba kalata yonka kwa akulu a ntchito, yonena kuti munthuyu ayenera kuchotsedwa.

Ine ndinali chiriri pambali, manja ali m'thumba. Palibe anandiyang'ana, pakuti buku langa linali loyera, losainidwa Lolemba liri lonse. Masiku anai ndinakhala chete. Kalaliki uja anali kundipatsa moni monga kale, ndipo madzulo ena anandiuza kuti akachotsedwa adzatumiza ana kwao kwa mkazi wake, iye nakayesa usodzi, ngakhale sanagwirepo nkhafi. Nsima inandikanika kumeza. Usiku ndinaganiza zokakonza gavana mobisa, kuti wodzafufuza adzapeze zonse ziri m'malo. Ndipo kunena zoona, chimene chinandiletsa sichinali chilungamo iai, koma kuti makiyi a ofesi anali kugona kwa mlonda.

Tsiku lachisanu mkulu wanga uja anatsika sitima ndi kabokosi kake ka zida. Anawerenga pepala la lamya nthawi yaitali, nafunsa funso limene palibe analifunsa: "Kalaliki sanalinganize, inde, koma makina analemberanji 11 pamwamba ndi 17 kumunsi?" Anatsegula buku langa, nawerenga masabata asanu aja, natseka. Pamenepo anatulutsa foloko yake, sanaimenye yekha, koma anaipereka kwa ine pamaso pa onse, nati, "Menya, mwananga, utiuze chimene uona." Ndinaimenya pa bondo, dzanja lirikunjenjemera kuposa foloko, ndi kusuzumira. Mizere inalikukwawa chambuyo ngati nkhanu. Ndikadakhoza kunena kuti yaima, pakuti diso linali langa ndekha pa mpatapo. Koma ndinati, "Irikubwerera m'mbuyo, bambo." Iye analoza kamuvi, nati, "Nanga aka kanafika bwanji kumphepete kuno?" Ndinati, "Ndine ndinakasuntha. Ndipo foloko sindinaimenye masabata asanu; zimene ziri m'bukumo ndi zabodza." M'chipindamo munangoti zii, kusiya mota yokha.

Sanandikalipire. Anavula jekete, nati, "Tiyeni tiyambe taona odwala." Tinatsegula gavana, ndi kupeza timano take tatapsa ndi kuchita mabowo, takuda ngati kunsi kwa mphika, makala a mota anali atadyeka, ndipo mafuta a m'zitsulo anali atauma ndi fumbi la chilimwe ngati phula. Tinasalaza timanoto ndi kamwala kosalala, tinaika makala atsopano, tinatsuka zonse m'palafini ndi kudonthezera mafuta dontho limodzilimodzi. Pamenepo ndinapotokola kamsomali ka sipuling'i pang'ono, ndi kumenya foloko, ndi kupotokolanso, kufikira mizere itaima nji. Tinapempha RY, tinafuna malire onse awiri, ndi kubwezera kamuvi pakati. Ntchito yonseyi inatha maora anai okha. Maora anai amenewo ndiwo ndinawakana, ndipo anagula mpunga wa mai wamasiye, ndi usiku uwiri wa munthu wodwala pa khonde.

Madzulo anakhala nane pansi pa mtengo wa mango, nati, "Anthu akhulupirira lamya koposa munthu, chifukwa ati chitsulo sichinama. Sadziwa kuti kumbuyo kwa chitsulo kuli iwe. Kalaliki analakwa tsiku limodzi chifukwa cha kutopa. Iwe unalakwa masabata asanu ndi dzanja lako losaina." Analemba kalata ina yonka kwa akulu a ntchito. Kalaliki anachenjezedwa, nakhalabe pa ntchito yake. Ine anandidula malipiro ndi kundibweza m'mbuyo chaka chimodzi. Ndinapita kwa kalalikiyo kukapepesa, ndipo iye anati, "Achimwene, masiku anai aja munali kudya bwanji?" Ndinati, "Sindinali kudya." Nati, "Chabwino, tiyeni kunyumba mukadye."

Kunatsala ulendo umodzi, umene palibe anandilamula, koma mkulu uja anangofunsa kuti, "Kodi njira ya ku Domira Bay uidziwa?" Mwezi utatha ndinatenga ndalama ya mtengo wa ngolo, ndi kupalasa njinga kunka kumudzi kuja. Ndinapeza wodwalayo atakhala pa mphasa padzuwa, wowonda koma alikuchira. Ndinafotokoza zonse pamaso pa atsibweni ake, monga ndafotokozera inu. Mnyamatayo anati, "Mphepo sinandipweteke kwambiri. Chimene chinandipweteka ndi ichi: zaka zitatu ndinali kutauni osatumiza kanthu kwa amai, ndipo pa khonde paja ndinati, andibwezera, anditaya." Amai ake anapukuta misozi ndi chitenje, natembenukira kwa ine nati, "Mwana wanga, ine ndinayesa kuti m'makina muja mulibe munthu, ndipo ndinasowa womkwiyira, ndinasowanso womkhululukira. Tsopano ndakuona." Analandira ndalama ndi manja awiri, ndipo pobwerera anandimangira nsomba zouma pa njinga. Madzi akatayika saoleka. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinasainenso chinthu chimene diso langa silinaone.

Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mkulu uja popuma ntchito anandisiyira foloko yake, ndiyo iri m'bokosi langa. Makina aja anatha. Anayamba kupitikitsidwa ndi makina a fakisi, ndipo mafoni a m'manja atafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 ndi kufalikira m'midzi, lamya inaiwalika. Lero mai wa ku Domira Bay akhoza kumva liu la mwana wake ali ku Johannesburg, namfunsa kawiri ngati sanamve tsiku. Ine sindilira nazo, nzabwino ndithu.

Koma ntchito ya mtundu uja siinathe. M'midzi mwathu muli okonza mijigo, oyang'anira zigayo, oyesa thonje ndi mpunga pa sikelo, osunga mabuku a ndalama za gulu, ndi olemba za odwala. Onsewa ali ndi Lolemba lao, tsiku loyesa chinthu chimene chioneka ngati chiri bwino. Ndipo onsewa adziwa kamuvi kao, kamene munthu akhoza kukasuntha kuti nthenda ibisike sabata ina. Inu amene muli pa ntchito zotere, musadikire kuti wina adzakupatseni foloko pamaso pa anthu. Kumapeto kwa waya wanu kuli munthu amene simunamuone, wayala kale mphasa m'ngolo, ndipo alikuwerenga masiku monga mwa nambala imene inu mwamlembera.

Mawa adzukulu anga akadzafunsanso za foloko yosadyera, ndidzawapatsa tsamba ili awerenge okha. Tsalani bwino, abale.